Sewero Linakoma, Koma Amai Aja Sanalakwe

Pa Ciweru capitaci acinyamata a kwathu kuno kwa Mphuka anationetsa sewero lao latsopano, ndipo anthu anadzaza mpaka ana kukhala m'mazenera. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa m'mudzi amene aphunzira za maakaunti napeza nchito ku banki ku Lusaka. Patapita zaka ziwiri atopa ndi kuwerenga ndalama za eni, asiya nchitoyo, aphunzira kompyuta miyezi itatu, nakhala mlangizi wothandiza makampani kuika mapulogalamu oyendetsera bizinesi. Pomaliza abwera kumudzi ndi motoka, ndipo onse amene anali kumuletsa acita manyazi.

Ndiyambe ndi kuyamika. Osewera anakonzekera bwino, mau anali kumveka mpaka kumbuyo, ndipo mtsikana amene anasewera ngati amai ake a mnyamatayo anaposa onse. Amaiwo anaphunzitsa mwana wao ndi ndalama za nsomba zouma ndi masau, zogulitsa pa Luangwa Bridge. Mwana atawauza kuti wasiya nchito, iwo anakhala pansi, namasula duku, nafunsa kuti, "Nanga mwana wanga, pakutha pa mwezi adzakulipira ndani?" Tonse tinaseka, ine ndinaseka nao. Koma pobwerera kunyumba mlongo wathu wina wa Giredi 12 anandiuza kuti wasintha maganizo, sadzalembetsanso maphunziro a maakaunti cifukwa waona kuti nchito imeneyo ndi yacikale. Ndico cifukwa cake ndalemba izi.

Colakwa cacikulu ca seweroli ndi cakuti lionetsa maakaunti ngati malaya akale amene mnyamatayo anavula ndi kutaya. Zoona zake n'zakuti mlangizi wotere amadyera maakaunti omwewo. Kampani ikagula pulogalamu monga Sage Pastel, QuickBooks kapena SAP, pulogalamuyo imabwera yopanda kanthu. Siidziwa kuti kampaniyi igulitsa simenti kapena mankhwala. Mlangizi ayenera kukhala pansi ndi wosunga katundu, wolandira ndalama ndi wolemba malipiro, kuti amve m'mene kwaca iliyonse imalowera ndi kutulukira. Pambuyo pake asamutse ngongole zonse ndi katundu yense kucokera m'mabuku akale, aike msonkho wa VAT wa 16 peresenti pa zinthu zoyenera msonkhowo, ayese ngati mabuku agwirizana, ndiponso aphunzitse anchito amene mwina sakufuna n'komwe kusintha. Kudziwa pokanikiza munthu angaphunzire m'miyezi itatu ija. Kudziwa cifukwa cake mabuku akukana kugwirizana kumatenga zaka.

Dziko lathu lomweli lationetsa zimenezi kawiri. Pa 1 January 2013 boma linacotsa maziro atatu pa ndalama zathu, K1,000 inasanduka K1, ndipo ngwee zinabweranso. Mitengo, ngongole ndi malipiro m'makompyuta a makampani zinayenera kusinthidwa popanda kutaya ngakhale ngwee imodzi. Ndiponso kuyambira pa 1 July 2024 a ZRA analamula kuti onse olembetsa VAT azipereka malisiti kudzera mu Smart Invoice, kutanthauza kuti lisiti likalembedwa m'sitolo, a msonkho aliona. Makampani amene anali kale ndi mapulogalamu ao anafunika munthu wowalumikiza ndi makina a ZRA. Kodi mwini sitolo angapatse nchito imeneyi munthu wosadziwa kusiyana kwa katundu wolipira msonkho ndi wosalipira?

Ine ndinaziona ndi maso pamene ndinali kuphunzira nchito pa kampani ina yogulitsa zomangira nyumba ku Lusaka, ndili ku koleji. Anabwera mnyamata wocenjera kwambiri pa kompyuta, zala zake zothamanga ngati za woimba kalimba. Anaika pulogalamu m'masiku awiri, nalandira ndalama zake, napita. Pakutha pa mwezi tinapeza kuti katundu wa m'nyumba yosungiramo analowetsedwa ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa mtengo wogulira, motero phindu lonse linali labodza. Amene anapeza colakwaco ndi amai ena acikulire a mu ofesi ya maakaunti, ndi pensulo ndi rula. Tinakhala mausiku anai tikukonza, ndipo mnyamata uja sanaitanidwenso.

Tsopano tibwerere ku funso la amai a m'sewero, limene wolemba analiika kuti tiseke cabe ndipo sanaliyankhe. Wa ku banki amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo pa 5 peresenti imene amadulidwa ya NAPSA, abwana amaonjezapo 5 ina. Mlangizi wodziimira payekha amalipidwa nchito ikapezeka, ndipo nthawi zambiri mbali ina ya ndalamazo imadikira mpaka nchito ithe ndi kuvomerezedwa. Pakati pa nchito iyi ndi inzake pangapite miyezi, lendi ikuyendabe. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Wa ku banki anali kugwira nchito ndi jenereta ya abwana, koma wodziimira payekha anali kudzionera yekha. Ambiri amene amasintha nchito motere amayamba ndi kulembedwa pa kampani ya alangizi, kapena amayamba ndi kuthandiza pamene pulogalamu yatsopano ikuikidwa pa nchito pao pomwepo. M'sewero mulibe zimenezi. Nyali ikazima mnyamata ali ndi cikwama cabe, ikayakanso ali ndi makiyi a motoka.

Ndipo makasitomala ali kuti? Ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kumene kuli makampani akulu. Kuno kwathu, kucokera pa Bridge mpaka ku Boma, wamalonda amalemba ngongole m'kabuku ka sukulu ndi kulandira ndalama pa foni. Sindikunyoza, kabukuko kamagwira nchito. Koma sewero loonetsedwa kwa ana a kwa Mphuka linayenera kunena kuti njira imeneyi imadzera m'tauni, ndi kuti imayamba ndi masamu a m'kalasi.

Cimene ndinacisowa koposa ndi yesero. Mlangizi amapatsidwa mphamvu yolowa paliponse m'mabuku a kampani, ngakhale yofafaniza zolembedwa. Anansi athu a ku Malawi adziwa bwino kuopsa kwa mphamvu yotere. Mu 2013 kunaululika mlandu wa Cashgate, pamene anthu ena anali kulipira makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, kudzera m'makina a boma ochedwa IFMIS, kenaka ndi kufafaniza zolembedwazo. Ofufuza anapeza kuti m'miyezi 6 yokha munasowa makwaca a Malawi oposa 13 biliyoni, maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndipo ena anapita kundende. Tangoganizani mnyamata wathu uja, miyezi itatu wosalandira kanthu, amai akudwala kumudzi, ndipo mwini kampani akumunong'oneza kuti malisiti ena asaoneke kwa a msonkho. Pamenepo mpamene tikanakhala cete m'holo monse, kudikira kuti ayankha ciani. Motoka ya pomaliza ija sinatiphunzitse za mtima wake.

Ndamva kuti seweroli lidzaonetsedwanso ku Katondwe. Pempho langa kwa wolemba ndi lakuti asacotse kanthu, koma aonjeze zigawo ziwiri: ca yesero lija, ndi cina pamene mnyamata akhala pamphasa ndi amai ake, nawawerengera ndalama zimene wasunga ndi miyezi imene zingawafikitse. Mtsikana wosewera amaiyo angacikwanitse cigawo cimeneco. Mlongo wathu wa Giredi 12 uja ndamubwereka mabuku anga a caka coyamba, ndipo wati adzandiyankha mayeso akatha.