Mwambo Wolandira Alendo ku Wayside Inn

Wayside Inn ndi nyumba ya alendo yakalekale ya ku Sudbury, m'chigawo cha Massachusetts ku America. David Howe anayamba kulandira apaulendo pamalopa mu 1716, ndipo banja lake linagwira ntchitoyi kwa mibadwo inayi. Buku la ndakatulo la Longfellow la mu 1863 linatchukitsa nyumbayi, kenaka Henry Ford anaigula mu 1923 kuti aisamale.

Luso lenileni lagona pa zakudya. Chigayo choyendera madzi, chomwe chinayamba ntchito mu 1929, chimapera chimanga ndi tirigu pamiyala, ndipo ufawo ndiwo amaphikira buledi kukhitchini. M'chipinda chomwera, alendo amawotha moto akumwa Coow Woow, chakumwa cha ramu wosakaniza ndi burande wa jinja. Nyumba zoterezi zikuyenera kusungidwa bwino.