Ng'ombe ya Pagoli Nayonso Ili ndi Mlengi: Ndemanga ya Buku la David Clough

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Chadiza, kusanache n'komwe, m'minda mumamveka kulira kwa chikoti ndi mawu a anyamata akuitana ng'ombe ndi mayina awo. Ng'ombezo zimakhala zitangotuluka m'chilimwe, nthiti zikuwerengeka, msipu usanaphuke, ndipo nthawi imeneyo ndi imene timazisenzetsa ntchito yolemetsa kuposa ina iliyonse m'chaka. Buku la David Clough lotchedwa On Animals, Volume II: Theological Ethics ndinaliwerenga m'masabata ngati amenewo, ndipo mwina n'chifukwa chake linandikhudza pamene mlembi wake sanalunjikepo kwenikweni.

Clough ndi wa ku Britain, mlaliki wa mpingo wa Methodist komanso mphunzitsi wa zaumulungu. Polemba bukuli anali pa yunivesite ya Chester, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Aberdeen. Gawo loyamba linatuluka mu 2012, ndipo lachiwirili, losindikizidwa ndi T&T Clark, ndi la mu 2019, ngakhale kwathu kuno mabuku otere amafika mochedwa. M'gawo loyamba anayala maziko: Mulungu sanalenge nyama kuti zingokhala katundu wa munthu, ndipo ntchito yake yolenga, yoyanjanitsa ndi yowombola imakhudza zolengedwa zonse zathupi. M'gawo lachiwiri akufunsa kuti, ngati zili choncho, tizichita nazo bwanji? Akuyenda mutu ndi mutu: nyama monga chakudya, monga chovala, monga antchito, nyama zoyeserapo mankhwala, za m'masewera, zoweta pakhomo, ndi zakutchire.

Mtima wa bukuli uli pa mutu wa chakudya. Chaka chilichonse anthu amapha nyama zapamtunda zoposa mabiliyoni 70 kuti adye, zambiri mwa izo nkhuku, osawerengera nsomba. Clough akufotokoza mosabisa mmene zambiri zimakhalira: nkhuku zoyera zimene zimakula mofulumira mpaka miyendo kulephera kunyamula thupi, n'kuphedwa zisanathe masabata asanu ndi awiri; anapiye aamuna a nkhuku zamazira amene amaphedwa atangoswedwa chifukwa sadzaikira; nkhumba zazikazi zotsekeredwa m'zitsulo momwe sizingatembenuke. Mfundo yake ndi yakuti cholengedwa chimalemekeza Mulungu pokhala chimene anachilengera, nkhuku pofukula pansi, nkhumba pofufula dothi, ndipo woziletsa zimenezi akulanda Mulungu ulemu wake. Pamenepo akunena kuti Akhristu amene ali ndi mwayi wosankha chakudya ali ndi chifukwa champhamvu chosiyira nyama zoweteredwa motere, ngakhale kusiyiratu nyama.

Mawu akuti "amene ali ndi mwayi wosankha" ndiwo chikhomo cha nkhani yonse kwa ife. Clough akuvomereza kuti si onse angasankhe, ndipo ndikumuyamikira chifukwa cha chilungamo chimenecho. Komabe tebulo limene akuliona m'maganizo mwake ndi la kwawo, kumene nyama imapezeka m'mbale m'mawa, masana ndi madzulo. Pitani m'midzi ya kwa Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala mukafunse amayi kuti mwezi uno nyama yalowa kangati mu mphika. Nsima yathu imatsika ndi chibwabwa chotendera, therere, nyemba, khobwe, mfutso, ndipo masiku ano ndi nyama ya soya ya m'timapepala. Nkhuku imaphedwa mlendo akafika, mbuzi pa maliro kapena paukwati. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko, chinangowonjezera bala. Kwa mwana wotere dzira limodzi ndi mankhwala. Mlaliki amene angaime pa guwa kuno n'kuuza anthu kuti aleke nyama akhala akulankhula ndi anthu a dziko lina.

Nkhani yosala nyama si yachilendo m'mipingo yathu. A Seventh-day Adventist, amene ali ndi chipatala chawo ku Mwami pafupi ndi Chipata, sadya nkhumba ndipo amalimbikitsa kudya zamasamba, koma chifukwa chawo chachikulu ndi thanzi ndi chiyero cha thupi. Akatolika amasala nyama Lachisanu m'nyengo ya Lenti, koma ndi nsembe yolapa. Chimene Clough akubweretsa ndi china: kusala chifukwa cha nyamayo mwini wake.

Apa ndiye pamene ndinayamba kutsutsana ndi mtima wanga. Ndikanatha kutseka bukuli ndi kunena kuti ndi za azungu, koma sizikanakhala zoona. Ife sitidya nyama yambiri, inde, koma onani mbuzi yomangidwa miyendo yonse inayi pakaliyala ya njinga, mutu ukulendewera pafupi ndi sipoko, ulendo wonse wopita kumsika pa boma. Onani nkhuku khumi zopachikidwa chadodolido pahandulo dzuwa lili pamutu. Onani chilonda cha goli pakhosi pa ng'ombe, ntchentche zili ng'waa, mawa lake goli lomwelo n'kubwereranso pomwepo. Ine ndemwe ndili mnyamata ndinakwapulapo ng'ombe imene inagwada mu mzere chifukwa cha kutopa, ndinaipotokola mchira mpaka inadzuka, ndipo madzulo ake ndinapita kukwaya mtima uli mbee. Palibe anandiuza kuti zinthu ziwirizo zikukhudzana. Mutu wa Clough wonena za nyama zogwira ntchito sukukana kuti munthu ndi chiweto angathandizane. Funso lake ndi lakuti kodi chiwetocho chikukhala ndi moyo woyenera mtundu wake. Ndikanakonda mutu umenewu ukanakula kuposa mmene ulili, chifukwa alimi ochuluka a mu Afrika ndi Asia moyo wawo uli pamenepo.

Bukuli ndi la Mkhristu kulembera Akhristu, ndipo m'mene ndimawerenga ndinaona kuti mlimi wa kuno angapindule kwambiri atamvanso za Ayuda, eni ake a Chipangano Chakale, chifukwa iwo nkhaniyi anaisandutsa malamulo a tsiku ndi tsiku. Ali ndi chiphunzitso chotchedwa tza'ar ba'alei chayim, choletsa kuzunza chamoyo popanda chifukwa. Mizu yake ili m'Buku Lopatulika lomwe tili nalo m'nyumba zathu: Deuteronomo 25:4 ikuletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu, Deuteronomo 22:10 ikuletsa kumanga ng'ombe ndi bulu pa goli limodzi, Eksodo 23:12 ikupereka mpumulo wa Sabata kwa ng'ombe ndi bulu, ndipo Eksodo 23:5 ikulamula kuthandiza bulu wogwa ndi katundu ngakhale mwini wake ndi mdani wako. Kuchokera pa Deuteronomo 11:15, pamene msipu wa ziweto watchulidwa chakudya cha munthu chisanatchulidwe, arabi, aphunzitsi achiyuda a m'mabuku awo otchedwa Talmud, anaphunzitsa kuti munthu asadye asanadyetse ziweto zake. Lamulo limeneli ndi losavuta kulimva moti mwana wobusa angalisunge lero lomwe.

Talmud yomweyo ikusimba za Rabi Yehuda HaNasi, mtsogoleri wamkulu wa Ayuda. Mwana wa ng'ombe wopita kokaphedwa anathawira m'chovala chake akulira, koma iye anam'bweza, akunena kuti analengedwera zomwezo. Chifukwa chosowa chifundo anadwala zaka 13, ndipo anachira tsiku limene analetsa wantchito wake kusesera kunja tiana ta kanyama kena kam'nyumba. Taonani kuti nthanoyi siikunena kuti kupha ng'ombe ndi tchimo. Chimene chinalangidwa ndi kuuma mtima. Chiyuda chimalola nyama, koma chimaimanga ndi malamulo a kaphedwe, mpeni wakuthwa wopanda kakubenthuka, ndi kusadya magazi. Ena mwa Ayuda anapitirira apo. Abraham Isaac Kook, rabi wotchuka amene anamwalira mu 1935, ankaphunzitsa kuti chakudya cha pa Genesis 1:29 chinali zomera zokha, kuti chilolezo cha nyama pa Genesis 9:3 chinadza chigumula chitapita chifukwa cha kufooka kwa munthu, ndi kuti mtendere wa pa Yesaya 11 udzabwezeretsa chiyambicho. Richard Schwartz anatsata njira imeneyi m'buku lake la mu 1982, Judaism and Vegetarianism.

Mchewa akamva zimenezi sayenera kudabwa. Makolo athu ankasimba kuti pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, Chauta anatsika pamodzi ndi anthu ndi nyama, ndipo onse ankakhala mwamtendere mpaka munthu anapeka moto, tchire n'kupsa. Nyama zambiri zinathawa ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu kudzabisala. Ziweto za m'khola mwathu, malinga ndi nthano imeneyi, ndi alendo amene anapempha malo othawirapo. Clough sakulemba za Kaphirintiwa, koma mbusa wophunzira pa yunivesite ya Justo Mwale ku Lusaka atatenga maziko a bukuli n'kuwalumikiza ndi nthano imeneyi, anthu a ku Nsadzu angamumvetse msanga kuposa atayamba ndi ziwerengero za mabiliyoni.

Pali chenjezo lina limene poyamba ndinaliona ngati lakutali. Makola a nkhuku zoyera afika kale m'matauni athu, ndipo achinyamata ambiri akuona kuti ndi bizinesi yofulumira: anapiye a tsiku limodzi, chakudya cham'thumba, nyali usiku wonse, masabata asanu ndi limodzi n'kugulitsa. Sindingadzudzule mnyamata wofuna fizi ya mng'ono wake. Koma njira imene Clough akuilirira kwawo inayamba chomwechi, pang'onopang'ono, ndipo ife tikadali ndi mpata wofunsa kuchuluka kwa nkhuku zoyenera kukhala m'chipinda chimodzi zinthu zisanafike poipa.

Chingelezi cha bukuli ndi cha kusukulu yaukachenjede, mtengo wake ndi wokwera, ndipo masamba ena ofotokoza za kophera nyama ndi ovuta kuwawerenga utangodya. Si buku la pamkeka madzulo. Ndi la abusa, akatekisiti, aphunzitsi a zaumulungu ndi alangizi a ziweto amene amapemphera. Kwa iwo ndikulivomereza ndi mtima wonse, makamaka mutu wa chakudya ndi wa ntchito, atawerenga Eksodo ndi Deuteronomo zili pambali. Langa ndalibwereketsa kwa mkulu wa mpingo wa kwathu, amene ali ndi ng'ombe zinayi zapagoli, ndipo tagwirizana kuti tidzakambirane mutu wa ntchito pamsonkhano wa madodana mvula isanayambe.