Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

M'nyumba zoonetsera vidiyo ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi muli lamulo limodzi losalembedwa: mphindi khumi zikatha popanda munthu kumenyedwa, kuwomberedwa kapena kugwa m'matope, anthu ayamba kuliza mluzu. "Sinthani iyi, ndi yogonetsa!" Mwini malo amadziwa kumene kumachokera ndalama yake, ndiye amaika Commando ya 1985, Schwarzenegger n'kumagwetsa asilikali ngati chimanga cha m'munda. Apo ayi, amaika Mr Bean, anthu n'kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Inetu sindidana nazo zimenezi. Munthu amene wakhala tsiku lonse akusenza matumba kumsika ali ndi ufulu woseka. Chimene ndikukana n'chakuti filimu yoyenda pang'onopang'ono ilibe kanthu. Ndikuti mafilimu a phee amenewa ndiwo amanena zoona za mantha, ndipo mantha ake ndi omwe ife Amalawi tikuwadziwa bwino.

Taonani The Conversation, imene Francis Ford Coppola adatulutsa mu 1974, pakati pa zigawo ziwiri zoyamba za The Godfather. Gene Hackman, yemwe adamwalira mu 2025, akusewera ngati Harry Caul, katswiri wojambula mawu a anthu mobisa mumzinda wa San Francisco. Wapatsidwa ganyu yojambula mwamuna ndi mkazi akucheza pabwalo la Union Square. Basi. Gawo lalikulu la filimuyi n'kumuona bamboyu ali yekha, akubweza tepi, kumvetsera, kubwezanso. Alibe mnzake weniweni, chitseko chake n'cha maloko angapo, ndipo ngakhale chibwenzi chake sichidziwa ntchito imene amagwira.

M'tepimo muli chiganizo chimodzi chokhudza kupha. Caul akuchimva ngati mawu a anthu oopa kuphedwa. Kumapeto akuzindikira kuti adali mawu a anthu okonza chiwembu. Chasintha n'chiyani? Liwu limene wolankhula adatsindika. Ife olankhula Chichewa sitingadabwe nazo, pakuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa sopo zimasiyana pa kakwezedwe ka mawu kokha. Koma kuti woonera agwidwe ndi msampha umenewu, ayenera kumva chiganizocho kambirimbiri, mpaka kuchikhulupirira monga adachikhulupirira Caul. Kuchedwako ndiye msampha wake. Mukadula kuti ifulumire, mwapha filimu yonse.

Filimuyi idapata mphotho ya Palme d'Or ku Cannes chaka chomwecho, ndipo mu Ogasiti Pulezidenti Nixon adatula pansi udindo pa nkhani ya Watergate, imenenso idakula chifukwa cha matepi.

Ina ndi ya ku Germany, The Lives of Others, ya 2006, yokonzedwa ndi Florian Henckel von Donnersmarck. Tili ku East Berlin mu 1984. Gerd Wiesler, kazitape wa polisi yachinsinsi ya Stasi, wakhala m'kachipinda ka kudenga, zomvera zili kukhutu, akulemba chilichonse chimene mlembi wa zisudzo ndi wokondedwa wake akulankhula pansipo. Ulrich Mühe, amene adasewera mbaliyi, sakweza mawu, sathamanga. Nkhondo yonse ikuchitikira pankhope pake. Pang'onopang'ono moyo wa anthu amene akuwazondawo ukumulowa, ndipo ayamba kulemba malipoti abodza kuti awateteze. Malipiro ake n'kutsitsidwa, kukatsegula makalata a anthu m'chipinda cha pansi.

Filimuyi idalandira Oscar mu 2007, koma ili ndi chilema. Imafuna kuti titonthozedwe, tikhulupirire kuti kazitape akamva nyimbo yokoma mtima umafewa. Coppola sadatipatse chitonthozo chotere. Caul akutsiriza ataphwasula nyumba yake yomwe, kuzula matabwa a pansi, kufunafuna kachipangizo komwe ena amuikira. Sakapeza. Akhala pakati pa bwinja, n'kumaliza saxophone. Womvera wasanduka womveredwa. Kwa ine iyi ndiyo yoposa.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Funsani akuluakulu amene adakhala m'dziko muno isadafike referendamu ya 1993. Adzakuuzani kuti choopsa sichidali munthu wa mfuti yaikulu pachifuwa. Adali mnzako wa pa mowa wofunsa mafunso ambiri, mlendo wokhala phee pangodya, kalata yofika itatsegulidwa. Jack Mapanje adatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chakudza sichiyimba ng'oma, adatero akale.

Filimu ya nkhondo imatinamiza pamenepa. Mdani wake ali ndi yunifolomu, ali ndi nkhope yoipa, ndipo akaphedwa nkhani yatha. Ya nthabwala imatenga mantha n'kuwasandutsa chiseko, monga ankachitira Izeki ndi Jakobo, ndipo imeneyo ndi ntchito yolemekezeka. Koma ndi filimu ya phee yokha imene imafunsa funso lowawa: kodi munthu wamba, wosamba bwino, wokonda ntchito yake, amafika bwanji pogulitsa mnansi wake? Ndipo usiku amagona bwanji? Funso limeneli silingayankhidwe ndi chibakera. Limafuna nthawi.

Kwa achinyamata amene mwagwira kamera masiku ano ndikuti: ndalama zophulitsira galimoto mulibe, ndipo simudzapambana Hollywood pa zimenezo. Koma chipinda chimodzi, anthu awiri ndi chinsinsi chimodzi muli nazo. Nkhani za amene ankamvera anzawo zikadali m'mabanja mwathu, zosasimbidwa, ndipo eni ake akukalamba. Lero foni ili m'thumba la aliyense, moti ntchito ya Caul angathe kuigwira mwana wa sukulu.

Kwa oonera, pempho langa n'laling'ono. Filimu ikachedwa, musafulumire kuliza mluzu. Yang'anani nkhope ya munthu amene sakulankhulayo.