Mapazi amene wojambula anawasiya kunja

Chithunzi chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi chokongola, ndipo sindikufuna kuchinyoza. Nyama yaima pa chipale chofewa m'chigwa cha Lamar, ku Yellowstone, m'dziko la America. Ubweya wa m'khosi wafufuma, maso achikasu alunjika pa kamera, timadzi touma ndi chisanu takangamira kundevu. Wojambula anadikira kuwala kwa m'mawa ndipo anakupeza. Pansi pake analemba kuti ndi mmbulu. Koma nyamayo ndi coyote. Makutu ndi aatali, osongoka ngati nsonga ya mkondo, mphuno ndi yowonda, ndipo kankhope konse kabisala mkati mwa ubweya wambiri.

Dzina lakuti mmbulu kwathu kuno ndi la galu wa m'tchire wa mawangamawanga uja, amene anabwezeredwa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021. Omasulira Baibulo analibwereka n'kulipereka kwa chilombo cha kumayiko ozizira, ndipo ndicho ndikunena pano. Coyote alibe dzina m'Chichewa poti kwawo ndi ku America. Amene anaonapo nkhandwe ikudutsa msewu usiku ali pafupi kumudziwa, kungoti coyote ndi wokulirapo.

Pa sikelo sipangakhale mkangano. Mmbulu wamphongo wa ku Yellowstone umalemera makilogalamu 45 mpaka 59, pamene coyote wa komweko amathera pa 11 mpaka 16. Nanga anthu amasokonezeka bwanji? Mlandu ndimauika pa lenzi ndi pa chizolowezi cha ojambula. Lamulo la pakiyi limati munthu asayandikire mmbulu kupitirira mamita 91, choncho aliyense amanyamula lenzi yaitali, ya mamilimita 500 kapena 600. Lenzi yotere imakoka nyama kuibweretsa pamaso pako, koma zonse za kumbuyo imazisungunula kukhala nkhungu. Pofika pa kompyuta, wojambula amadulanso m'mbali kuti nkhope idzaze chithunzi chonse. Apo ndiye kuti wachotsa chitsamba, mwala, khwangwala, chilichonse chimene diso likanayezera msinkhu. Kanyama kolemera ngati galu wa pakhomo, katavala ubweya wake wa nyengo yozizira, kamasanduka chilombo.

Ine zithunzi za nkhope yokhayokha zinanditopetsa. N'zoona nkhope imanena zambiri. Ya mmbulu ndi yotakata, chipumi chachikulu, kukamwa kokhuthala ngati chipika, kachikopa kakuda ka pamphuno n'kakakulu, ndipo makutu ndi aafupi, obulungira kunsonga. Koma nyama ikangopotoloza khosi pang'ono, kapena kugoneka makutu chifukwa cha mphepo, zizindikiro zonsezi zimazilala. Mboni yosanama ili pansi, kumene ojambula ambiri amadula.

Yang'anani miyendo. Ya mmbulu ndi yaitali moti thupi limaoneka ngati lakwezedwa pa nsanamira, chifuwa n'chopapatiza, mawondo akutsogolo ali ngati akufuna kugundana. Kunsi kwake kuli mapazi aakulu modabwitsa, ngati mwana wavala nsapato za bambo ake. Pamene waponda pamatsala chidindo cha masentimita pafupifupi 13 m'litali ndi 10 m'lifupi, chofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Cha coyote chimangofika theka la pamenepo, ndipo timiyendo take ndi tating'ono ngati timitengo. Wojambula amene wabwerera m'mbuyo, nalola mapazi kulowa m'chithunzi pamodzi ndi tchire lozungulira, wapatsa woonera mpata woweruza yekha. Kwa ine luso lenileni lagona pamenepo, ndipo chithunzi chotere chimakomanso kuposa, chifukwa nyama imaoneka ili kwawo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene akhala maola angapo pachisanu amajambula khalidwe, ndipo khalidwe limatchula dzina la nyama. Coyote amaima chilili, n'kupendeketsa mutu kumvetsera mbewa pansi pa chipale, kenaka n'kulumpha m'mwamba atapinda msana, n'kugwera pansi ndi mphuno. Akamathamanga mchira umaloza pansi. Mmbulu umayenda mtunda wautali mosatekeseka, kawirikawiri mchira uli chowongoka kumbuyo, ndipo pagulu mimbulu imatsatana m'mapazi a mtsogoleri. Pa nyama yakufa ya njati, mimbulu imadya pakati, coyote ali patali akudikira. Amadziwa chifukwa chake: kuyambira 1995, pamene mimbulu 14 inabweretsedwa kuchokera ku Alberta, ku Canada, patatha zaka pafupifupi 70 kulibe mmbulu m'pakiyi, anzake ambiri aphedwa pofuna kuba nyama yotere.

Mtundu wa ubweya ndi wonyenga. Nyama zonse ziwiri zimatha kukhala zotuwa mosakanikira bulauni. Ubweya wakuda bii ndiwo umathandizako, poti pafupifupi theka la mimbulu ya ku Yellowstone ndi yakuda pamene coyote wakuda ndi wosowa. M'nyengo yotentha mmbulu umathothoka ubweya n'kuoneka wowonda, ndipo mwana wake wa miyezi isanu amalingana msinkhu ndi coyote wamkulu. Ngakhale pamenepo mapazi ndiwo amaulula, chifukwa amayamba kukula thupi lisanafike.

Wina anganene kuti kulakwitsa dzina pansi pa chithunzi si nkhani yoti munthu n'kutaya nayo tulo. Chakumapeto kwa 2014 anthu anajambula mmbulu waukazi kumpoto kwa Grand Canyon, woyamba kuoneka kumeneko kuchokera m'zaka za m'ma 1940. Unali ndi lamba m'khosi amene akatswiri anauveka pafupi ndi Cody, ku Wyoming, makilomita mazanamazana kumpoto. Ana a sukulu anaupatsa dzina lakuti Echo. Mu December chaka chomwecho unawomberedwa pafupi ndi Beaver, ku Utah, ndipo mlenje ananena kuti ankayesa coyote. Ku Utah wopha coyote amalipidwa, pamene mmbulu umenewu unali wotetezedwa ndi lamulo. Sindikunena kuti chithunzi ndicho chinaupha. Koma anthu ambiri sadzaonapo nyamazi ndi maso. Amazidziwira pa zithunzi za pa Facebook ndi m'magazini, ndipo chithunzi chilichonse cholembedwa molakwika chimaphunzitsa diso bodza.

Akatswiri a lusoli amadziwa kuti mawu a pansi ndi mbali ya chithunzi. Mu 2010 oyendetsa mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year ku London analanda mphoto kwa José Luis Rodríguez, amene anapambana ndi chithunzi cha mmbulu ukulumpha geti ku Spain, ataweruza kuti mwina unali woweta, ngakhale mwiniwake anakana. Kuwala ndi kaimidwe zinali zosadandaulitsa, koma zimene chithunzicho chinkanena zinakayikitsa.

Chithunzi cha ku Lamar chija ndikadachikonda chimodzimodzi chikadalembedwa kuti coyote, pakuti nayenso ndi nyama yokongola yosafunika kubwereka dzina la mnzake. Inu ojambula, bwererani m'mbuyo pang'ono, mapazi aoneke, ndipo musalembe dzina musanawayang'ane.