Siketi ya ku Paris ndi khaki wa Beni

Tsiku lina titaweruka ku madrasa tinapeza atsikana anayi ataunjikana pakhonde, mitu pamodzi, maso ali pa foni ya mkulu wawo. Ankaonera mzimayi wa kunja akuvina gule wotchedwa ballet, ataima ndi nsonga za zala zakuphazi, m'chiuno muli kasiketi koyera kotambasuka ngati lichero. Mmodzi anatifunsa mosazengereza: "Ustazi, kodi kansalu aka kakugwira ntchito yanji, poti sikakubisa kanthu?" Tinayankha monga ayenera kuyankhira mphunzitsi wa madrasa, kuti chovala chotere si cha mwana wa Chisilamu, ndipo mawu amenewo sitikuwabweza. Koma mwanayo sanafunse ngati nchololedwa. Anafunsa ntchito yake, ndipo pamenepo tinamusiya wosayankhidwa.

Siketi imeneyi dzina lake ndi tutu, ndipo sinayambe ili yaifupi chotero. Mu 1832, mumzinda wa Paris, Marie Taglioni anavina sewero la La Sylphide atavala siketi yoyera ya nsalu zopyapyala zosanjikiza, yolekezera pakati pa bondo ndi kakolo. Sewerolo linkasimba za cholengedwa cha mumlengalenga chimene munthu sangachigwire, choncho nsaluyo inayenera kuyandama ngati nkhungu ya m'mawa pa Chilwa. Inasiyanso mapazi poyera kuti oonerera aone luso loima ndi zala, limene linali lachilendo masiku amenewo. Luso la miyendo litayamba kukula, makamaka mwa ovina a ku Italy ndi ku Russia, siketi nayo inkakwera, mpaka pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inali itapitirira mawondo. Lichero limene ana athu anaona ndiwo mathero a ulendo umenewo. Telala sankadula nsalu mwachisawawa. Ankatsatira chimene gule ankafuna kuti chioneke.

Nsalu imeneyi inadyanso anthu. Mabwalo a zisudzo nthawi imeneyo ankawalitsidwa ndi nyale za gasi zoyaka moto weniweni, zina zili pansi pafupi ndi mapazi a ovina. Kunali mankhwala onyikamo nsalu kuti isagwire moto, koma ankaiumitsa ndi kuichotsa kuyera kwake. Emma Livry, wovina wachitsikana amene Taglioni yemwe anamuphunzitsa, anakana kuvala nsalu yonyikidwa. Mu November 1862, pa nthawi yokonzekera sewero, siketi yake inakhudza nyale. Anavutika ndi zilonda za moto miyezi isanu ndi itatu, namwalira mu July 1863 ali ndi zaka 20. Sitingayamikire chisankho chake, pakuti moyo ndi amana imene Allah anatisungitsa. Komabe nkhaniyi ikutisonyeza munthu amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chovala chikasintha, gule nayenso wasintha.

Tafotokoza za kutali chonchi chifukwa kuno kwathu tili ndi gule amene chovala ndicho theka la moyo wake, ndipo tikumuvula tikuona. Tikunena Beni.

Beni anabadwira m'mizinda ya Asilamu ya m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, cha m'ma 1890. Dzinalo linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba malipenga a asilikali. Magulu ankapikisana pa mavalidwe ndi pa perete: ku Mombasa kunali Kingi ndi Scotchi, ndipo a Scotchi ankafika povala masiketi a asilikali a ku Scotland, ku Tanganyika kunatchuka Marini ndi Arinoti. Wolemba mbiri Terence Ranger analondola njira yonseyi m'buku limene linatuluka mu 1975. Kuno guleyu anafalikira pambuyo pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali a Keyala ndi amtengatenga ankabwerera kwawo, ndipo ambiri mwa asilikali olembedwa ku Zomba anali Ayao.

Pali ena amene amati khaki wa Beni nchovala cha atsamunda, ndipo kutha kwake nkosafunika kulira. Ife tikuona mosiyana. M'gulu la Keyala la ku Zomba maudindo akuluakulu anali a Azungu okhaokha. Munthu amene anasenza katundu wa nkhondo mpaka mapewa kunyuka, kapena amene anamenya nkhondo nabwerako wopanda ulemu womuyenera, ankafika pabwalo la mudzi atavala yunifolomu yosita bwino, nyota paphewa, anzake akumuchitira sawasha. Munali kunyoza mmenemo, munalinso kudzilemekeza, ndipo ziwirizi nzovuta kuzilekanitsa. Chovalacho chinkauza woonerera kuti mtsogoleri ndi uyu, womutsatira ndi uyo, ndiponso kuti anthu awa amadziwa mwambo kuposa amene ankawayesa ana.

Clyde Mitchell, amene anakhalapo m'midzi ya Ayao ya kuno cha m'ma 1940, anakaona mdzukulu wa Beni wotchedwa Kalela ku Luanshya, kumigodi ya ku Zambia. Ovina anali anthu a ntchito wamba, koma ankabwera ndi mathalauza osita ndi nsapato zopolisha. Pagululo panali mfumu yovala suti, dokotala wovala zoyera, ndi mzimayi mmodzi wovala ngati namwino, amene ankazungulira ndi galasi ndi kansalu kopukutira thukuta kuti wovina aliyense adzione ngati akadali waudongo. Galasi pakati pa fumbi la bwalo! Kanthu kameneka kokha kakunena zambiri za guleyu kuposa ndime zathu zonsezi.

Tsono taonani zimene tinaona ife miyezi yapitayi pa mwambo wina cha ku Ntaja, ndipo tinaonanso zofanana nazo ku Ulongwe. Ng'oma zinali zabwino. Mapazi ankagwa pamodzi, fumbi likukwera mwa kamodzi. Koma amuna onse, kuyambira mtsogoleri mpaka mnyamata wa kumapeto kwa mzere, anavala matisheti a mtundu umodzi amene okonza mwambowo anagawa m'mawa, pachifuwa pali nkhope ya munthu wina ndi mawu ake. Sitinathe kuzindikira mtsogoleri kufikira ataimba wezulo. Sawasha inachitika, koma yochitira yani, poti panalibe nyota? Gule amene anayamba monga njira ya anthu wamba yodzipatsira okha maudindo anasanduka chikwangwani choyenda cha mwini ndalama. Tisheti imeneyo ingapambane mayeso a madrasa, pakuti imabisa thupi bwino lomwe. Koma ikagwa pa funso la mtsikana uja, ntchito yake ndi ya munthu wina, osati ya gule.

Tikudziwa chimene atiyankhe atsogoleri a magulu, ndipo nchoona. Nsalu yakwera mtengo, telala wa pakhonde la sitolo ku Liwonde kapena ku Balaka sasoka ulere, ndipo tisheti yopatsidwa siifuna ndalama. Munthu amene chimanga chamuthera mu December sangayambe ndi kugula khaki. Koma makolo amene anayambitsa guleyu sanali olemera kuposa ife. Ankasonkherana, ankabwerekana, ndipo chimene sakanatha kugula ankachipanga ndi manja. Ngakhale lero, gulu limene latola malaya a khaki pa kaunjika mmodzimmodzi, osafanana bwino, nkusokerapo nyota zodula pa nsalu yofiira, limaoneka la Beni kuposa gulu lovala zatsopano za mwini wake.

Sitikunena kuti chovala cha Beni chisasinthe. Kabudula wa asilikali akale ankasiya mawondo pamtunda, ndipo mwamuna wa Chisilamu amadziwa kuti malire ake ndi kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo. Telala atalikitse kabudulayo, kapena asoke thalauza. Beni satayapo kanthu, chifukwa chimene amafuna kuonetsa si ntchafu koma udindo ndi dongosolo. Apa ndi pamene asiyanirana ndi tutu, imene inafupika chifukwa gule wake ankafuna mwendo wonse uoneke. Wina akafuna kuvala mzuli m'malo mwa chipewa cha msilikali, ifenso tiombera m'manja, pakuti ndi Asilamu a m'mbali mwa nyanja ya mchere amene anayamba zonsezi.

Titachoka pabwalo la ku Ntaja tinatsagana ndi bambo wina wachikulire amene anavina Beni ali mnyamata. Sanadandaule za matisheti. Anangotiuza kuti yunifolomu yake ikadali m'sutikesi pansi pa bedi, kuti mayi a kunyumba amaiyanika kamodzi pa chaka kuopa njenjete, ndi kuti usiku woti mawa kuli gule ankagona mochedwa, akudikira makala a mu nsimbi kuti apse.