Nsambo zolira zokha: luso la Hildur Guðnadóttir mu Joker

Kawirikawiri wopeka nyimbo za m'kanema amaitanidwa ena atamaliza kale ntchito. Zithunzi zajambulidwa, zadulidwa, iye n'kungobwera kudzaikamo mawu pamene pakufunika mantha kapena misozi. Pa kanema wa Joker wa 2019 zinthu zidayenda mosiyana. Todd Phillips, yemwe ankatsogolera kanemayu, adatumiza nkhani ili papepala kwa Hildur Guðnadóttir, mayi wa ku Iceland wokhala ku Berlin, makamera asanayatsidwe n'komwe. Mayiyu adawerenga za Arthur Fleck, munthu wosweka mtima amene mzinda wa Gotham umampondereza mpaka kumusandutsa chigawenga, kenako adatenga chida chake n'kuyamba kufufuza mawu a munthuyo asanaone nkhope yake.

Chidacho ndiye pagona nkhani. Hildur, wobadwa mu 1982 ku Reykjavík, adaphunzira kuliza cello, mtundu wa vayolini wamkulu amene woimba amamuimika pakati pa miyendo. Koma pano adagwiritsa ntchito halldorophone, chida chopangidwa ndi mnzake wa ku Iceland konko, Halldór Úlfarsson. Kuchiona chimafanana ndi cello. Kusiyana kwake n'koti nsambo iliyonse ili ndi kachipangizo kotola kunjenjemera kwake, ndipo kuthupi kwa chidacho kuli sipika. Mawu akatuluka mu sipikayo amagwedeza thabwa, thabwa limagwedeza nsambo, nsambo n'kutumizanso mawu ku sipika. Aliyense amene adakhalapo pamsonkhano maikolofoni n'kuyandikira sipika akudziwa kulira koboola m'khutu kumene kumathamangitsa wa zokuzira mawu kukatsitsa batani. Chomwe ena amachithawa, Halldór adachimangira nyumba. Pansi pa nsambo zokhudzidwa ndi uta palinso zina zimene woimba sazikhudza, zimangoyankha zokha magetsi akazidzutsa.

Choncho woliza chida ichi salamula yekha. Akakoka uta pang'onopang'ono mawu amayamba ngati a cello wamba, ofunda, a mtengo. Akangokweza mphamvu ya nsambo imodzi, pansi pa mawu aja pamatuluka mkokomo wokhakhala umene umakula wokha ngakhale uta utaima. Akaulekerera umameza zonse. Akaupanikiza msanga umafa. Ntchito ya manja ake ndi kuyenda m'malire amenewo, chala chikusuntha pang'ono, khutu lili tcheru, kudikira kuti chidacho chichita chiyani. Apa ndi pomwe ndimamugomera. Ambiri osakaniza zida za orchestra ndi mawu amagetsi amajambula ziwirizi padera n'kuzilumikiza pa kompyuta, ndipo msoko wake umamveka. Kwa Hildur msoko palibe, chifukwa mtengo ndi magetsi zikulimbana m'thupi limodzi, m'manja amodzi, nthawi imodzi. Kwa munthu ngati Arthur, amene kuseka kumamugwira mosafuna iye mwini, sindikudziwa chida china chomuyenera kuposa ichi.

Nyimbo imene idatuluka ndi yosauka dala. Manotsi ndi ochepa, oyandikana, aliyense amakokedwa mpaka mpweya wa womvera utatsala pang'ono kutha. Sithamangira kulikonse. Phillips ankaiyika pamalo ojambulira kuti ochita sewero aziimva, ndipo ndi mmene padabadwira chigawo chodziwika cha m'bafa. Arthur wangopha amuna atatu m'sitima ya pansi pa nthaka ndi pasiteshoni yake, wathawira m'chimbudzi cha anthu onse, watseka chitseko. Papepala sipadalembedwe za kuvina. Phillips atamuyikira Joaquin Phoenix, wosewera ngati Arthur, nyimbo ya Hildur, phazi lidayamba kukwawa pansi, mikono n'kutambasuka mwapang'onopang'ono, thupi lonse likutsata kukoka kwa uta. Wogwira kamera adangomutsatira. Ukaonetsetsa, Phoenix savina motsata kugunda, pakuti kugunda kwenikweni palibe. Amatsata kutalika kwa notsi iliyonse, kutupa kwake ndi kuphwa kwake.

Luso lina, lobisika kwambiri, lili pa orchestra. Kumayambiriro kwa kanemayu khutu limakuuza kuti ukumva cello mmodzi, munthu ali yekhayekha. Si zoona. Kuseri kwake kuli khamu la oimba, koma mawu awo adatsitsidwa kwambiri moti umangomva kuti mpweya walemera osadziwa chaulemeretsa. Taganizirani kusonkhanitsa akatswiri ochuluka chotero n'kuwapempha kuti asamveke! Wopeka wofuna kudzionetsa sangapirire zimenezo. Arthur akamalowerera mumdima, khamu lija limasendera kutsogolo pang'onopang'ono. Zida za mawu apansi zimanenepa, malipenga amalowa, ng'oma zimene poyamba zinkagunda patalipatali zimafika pafupi n'kuyamba kuponda mwamphamvu. Pofika kumapeto, mu nyimbo yotchedwa "Call Me Joker", cello uja wazingidwa ndi khamu lake lomwe. Nkhani yonse ya munthuyu yafotokozedwa ndi funso limodzi la mu situdiyo: ndani akwezedwe, ndani atsitsidwe, ndipo liti.

Kudekha kotereku sikudagwe kumwamba. Hildur adagwira ntchito zaka zambiri ndi wopeka nyimbo mnzake Jóhann Jóhannsson, amene adamwalira ku Berlin mu 2018, ndipo cello wa Hildur amamveka m'nyimbo zimene Jóhann adapekera kanema wa Sicario wa 2015, momwe nsambo zimatsetserekera pansi pamwamba pa ng'oma zophwanyidwa dala ndi makina. Chaka chomwecho cha Joker Hildur adapekanso nyimbo za sewero la pa TV la Chernobyl kuchokera ku phokoso la zitseko ndi makina limene iye ndi katswiri wojambula mawu Chris Watson adakajambula pamalo akale opangira magetsi a nyukiliya a Ignalina ku Lithuania. Mu February 2020 Joker adamupatsa Oscar, yoyamba kupita kwa munthu wa ku Iceland.

Pali malo amodzi pomwe mphamvu ya nyimbo yake imayesedwa poyera. Arthur, atadzola nkhope n'kuvala suti yofiira, akutsika masitepe aatali, amene adajambulidwa ku Bronx, akuvina nyimbo ya Gary Glitter ya 1972, "Rock and Roll Part 2". Ndi nyimbo ya chisangalalo, imene inkaimbidwa kwambiri m'mabwalo a masewera, ndipo woonera amayamba kugwedeza mutu limodzi naye. Mwadzidzidzi zithunzi zimayamba kuyenda pang'onopang'ono, nyimbo ija imazimirira, nsambo ndi malipenga a Hildur n'kukwera m'malo mwake. Mavinidwe sadasinthe, ndudu ili pakamwa, miyendo ikuponyedwabe m'mwamba. Koma tsopano ukuona munthu amene wangopha mnzake wa kuntchito ndi sizasi, ndipo pamwamba pa masitepe paima apolisi awiri akumuyang'ana.