Kalulu woyankhula Cipwitikizi: ndemanga pa nthano za gulu lathu lolemba

Aphunzitsi anzanga, kuno ku Angónia tili ndi kagulu kamene kamakumana kawiri pamwezi, Loweruka, pa likulu la ZIP, kulemba nthano ndi tinkhani ta ana m'Cinyanja. Palibe amatilipira. Cinatisonkhanitsa ndi njala ya mabuku. Ciyambire PEBIMO mu 1993, mpaka maphunziro a zinenero ziwiri kukhazikika mu 2003, vuto likadali lomwelo: mwana wa kalasi 3 akamaliza buku la m'kalasi, sapezanso cina cowerenga m'cinenero cake, kupatula Baibulo kapena kabuku kocokera ku Malawi. Tsono ndawerenganso nkhani 12 zimene tikufuna kucita fotokope, imodzi ndi yanga. Ndinene zimene ndaona tisanawononge mapepala.

Nkhani 9 ndi za Kalulu. Zimenezo si mlandu, ana amamukonda. Mlandu ndi wakuti Kalulu wathuyu akuyankhula Cipwitikizi covala mawu a Cinyanja. Pena "akupanga funso" kwa Njovu m'malo momufunsa. Pena "akutenga cisankho" cothawa, pamene agogo akanangoti anati liwiro mtendere. M'nthano yanga ndapeza ciganizo ca mizere inayi cokhala ndi "amene" katatu. Ndinaciwerenga mokweza, mpweya unandithera pakati. Nanga mwana wa zaka 8? Cifukwa cake tikucidziwa: ambirife tinaphunzira kulemba m'Cipwitikizi, ndipo dzanja likagwira colembera limabwerera kumene linazolowera, ngakhale pakamwa pali Cinyanja cabwino.

Nthano ya pamoto imayamba ndi "padangotelo", ana n'kuyankha "tili tonse". Ili ndi nyimbo yobwerezabwereza. Fisi amagwa kuti khu, mudzi umati zii. Mwa nthano 9 zija, ziwiri zokha zasunga nyimbo, ndipo mawu otere tawacotsa pafupifupi onse ngati kuti ndi ocititsa manyazi papepala. M'malo mwake tamata kumapeto ndime ya "phunziro la nthanoyi", ngati tikulembera woyendera sukulu.

Nthawi yathu yambiri ikuthera pa mkangano wa c ndi ch. Wina wazolowera mabuku a ku Dedza alemba "chifukwa", wina akonza "cifukwa", dzuwa n'kupendeka. Nkhaniyi inakambidwa kale pa msonkhano wa kalembedwe umene NELIMO ya Universidade Eduardo Mondlane inacititsa mu 1988, n'kuunikidwanso mu 1999 ndi 2008. Munthu mmodzi angakonze zilembo zonse madzulo amodzi. Ciganizo cakufa sicidzuka cifukwa tacotsamo h.

Nkhani imene ndingaike patsogolo ilibe Kalulu. Analemba ndi aphunzitsi acizimayi amene m'gulu sakonda kuyankhula. Mtsikana watumidwa ndi amayi ake kukagulitsa ndowa ya mbatatesi ku msika wa m'malire wa Lizulu. Ogula ena akulipira makwacha, ena metikali, ndipo pofika madzulo ndalama sizikukwana. Kodi wamubera ndani, kapena wasokoneza yekha cenji? Ziganizo zake n'zazifupi. Wogula akunenerera mtengo monga amaneneradi pamsika. Mantha a mtsikanayo sakuchulidwa n'komwe. Tikungomuona akumasula ndi kumanganso mfundo ya citenje katatu konse pa njira yobwerera.

Ndinaiwerengera ana anga a kalasi 3. Ndisanafike kumapeto anali atayamba kale kutsutsana, ena akuwerengetsa ndi zala, wina akulumbira kuti bambo wa njinga uja ndiye wakuba. Mwana amene amakhala cete caka conse anapempha kuti aigwire yekha pepalalo. Nthano yanga ya Kalulu anaimvetsera mwaulemu basi.

Komabe nayonso ili ndi cilema. Ndime yomaliza ikuti ana azilimbikira masamu kuti asaberedwe. Pamenepo mkangano wa ana unazima, poti aphunzitsi ayankha kale. Ndinafunsa mlembiyo, ndipo anati ndimeyo anaiwonjezera gulu litamuuza kuti nkhani yopanda phunziro si ya kusukulu. Ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinavomereza nawo.

Apa ndi pamene gulu lathu likufooka. Wamkulu akawerenga, tonse timati "zili bwino, aphunzitsi". Wamng'ono akawerenga, timamuwongola mpaka afanane nafe. Pempho langa ndi lakuti nkhani iliyonse iyambe yawerengedwa mokweza m'kalasi la mnzathu, osati la mwini wake, ndipo mnzathuyo abwere kudzatiuza pamene ana anaseka, pamene anafunsa, ndi pamene anayamba kuyang'ana pawindo. Mwana akafika kalasi 4 Cipwitikizi cimayamba kutenga malo, conco zaka zomukopa kuti akonde kuwerenga m'Cinyanja n'zocepa.

Yanga ija ndaicotsa pa mulu wa fotokope. Loweruka likubwerali ndibwera nayo nditakaimvanso kwa azakhali anga amene anandisimbira poyamba, pamodzi ndi nyimbo yake.